Kusala

Mneni woti kusala ali ndi matanthauzo awiri m'Chichewa. Timati munthu akusala nyama ya nkhumba, timatinso mudzi ukusala wodwala. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa kuti tsinde limodzi likhoza kusenza matanthauzo otalikirana, koma khungu langa ndilo landionetsa kuti awiriwa ndi pachibale.

Ndili ndi nthenda imene madokotala amaitcha psoriasis, dzina lochokera ku liwu la Chigiriki lakuti psora, kutanthauza kuyabwa. Gwero lake ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimafulumizitsa khungu: m'malo mosinthika pakutha pafupifupi mwezi, limasinthika m'masiku owerengeka, n'kumaunjikana ngati mamba pazigongono, m'mawondo ndi m'mutu. Pakhungu lakuda zigambazi sizifiira monga zionekera m'mabuku a ku Ulaya. Zimatuwa kapena kuderapo. Nthendayi siipatsirana. Ferdinand von Hebra wa ku Vienna anaisiyanitsa ndi khate m'chaka cha 1841, koma kwathu anthu amaibwerekabe mayina a nthenda zopatsirana: zipere, mphere, ngakhale khate lomwelo.

Aliyense woona zigambazi amafika ndi chakudya chake choti ndisale. Azakhali anga anandiletsa mlamba ndi nkhumba. Mnzanga wa kuntchito anatchula matimati, mabiringanya ndi mbatatesi. Wina anati mkaka, winanso tirigu. Onsewa amalankhula mwa chikondi, komabe ndikanamvera aliyense, m'mbale mwanga mukanatsala nsima ndi mchere basi.

Zimene kafukufuku amatsimikiza n'zochepa poyerekeza ndi malangizowa. M'chaka cha 2018, madokotala a bungwe la National Psoriasis Foundation la ku America anasanthula kafukufuku amene analipo, n'kufalitsa zotsatira zake m'magazini ya JAMA Dermatology. Analangiza mwamphamvu kuti wodwala wonenepa kwambiri achepetse thupi pochepetsa chakudya chopatsa mphamvu. Kusala gluten, yemwe amapezeka mu tirigu, anati n'kwa okhawo amene kuyezetsa kwasonyeza kuti thupi lawo siligwirizana naye. Chimanga, mapira, chinangwa ndi mpunga zilibe gluten, choncho nsima ilibe mlandu. Mowa ndi fodya ndizo zimadziwika kuti zimakulitsa vutoli, ndipo mowa umaononga chiwindi msanga kwa amene akumwa mankhwala a methotrexate. Chakudya chimangothandizira mankhwala. Sichilowa m'malo mwake.

Potsatira zimenezi, mowa ndinauleka. Mitanda ya nsima ndinaichepetsa, ndipo ndimakonda ya mgaiwa. Ndiwo zanga ndi usipa, nyemba, bonongwe, chisoso ndi nkhwani wotendera. Shuga ndi zokazinga ndimadya mwa apo ndi apo. Pamene ndikukayikira chakudya china, ndimachisiya kwa milungu ingapo, ndikulemba zimene ndikuona, kenaka n'kukambirana ndi dokotala. Matimati anayesedwa motero ndipo anapezeka osalakwa. M'nyengo yachisanu zigamba zimabwerabe, kaya ndadya chiyani.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi tanthauzo lachiwiri lija. Kwathu anthu amasamba m'manja m'beseni limodzi n'kutema nsima m'mbale imodzi. Munthu wa mamba pamikono akayamba kukana ndiwo, kuphikitsa zakezake ndi kudyera payekha, anzake amaona ngati akuvomereza zimene iwo amaopa mumtima. Amene wayamba ndi kusala chakudya amatsiriza ndi kusalidwa. M'chaka cha 2014 msonkhano waukulu wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, pozindikira psoriasis ngati nthenda yaikulu yosapatsirana, unatchulanso za tsankho limene odwala amakumana nalo.

N'chifukwa chake chakudya chilichonse chisanachoke m'mbale mwanga ndimafuna umboni wokwanira. Pamaliro kapena paukwati, beseni likafika ndimapinda malaya, n'kusamba pamodzi ndi ena onse.