Linga la pa nambala 394 ku Chilenje

Minibasi yopita ku Chilenje inanyamuka m'tauni ya Lusaka itadzaza thothotho, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho, ine bondo litatsamira thumba la makala la mayi wina. Tinatsata msewu wa Burma, kudutsa Kabwata kumene timanyumba taudzu ta antchito a nthawi ya atsamunda tasanduka msika wa ziboliboli. Nditatsika ndinagula chimanga chootcha cha K5, n'kufunsa mnyamata wogulitsayo njira ya kunyumba ya a Kaunda.

"Yendani chabe so, bambo, muona mpanda," anatero, akuloza ndi chitsononkho.

Ku England alendo amakaona miyala ya malinga amene asilikali a Roma anamanga pa khoma la Hadrian kuyambira chaka cha 122. Ndinkayembekeza kuti likulu la nkhondo yomenyera ufulu wa Zambia nalonso likhala ndi kaukulu kake. Ayi ndithu. Ndi kanyumba wamba, kofanana ndi tina tam'mbali mwake, 393 ndi 395, timenenso tikusungidwa.

Kenneth Kaunda analowa m'nyumbayi mu Januwale 1960, atangotuluka kundende, ndipo anakhalamo mpaka Disembala 1962. Ndi m'zaka zimenezi pamene chipani cha UNIP chinayendetsa Cha Cha Cha ya mu 1961, anthu akutseka misewu ndi kugwetsa milatho kumpoto kwa dzikoli. M'kati muli fungo la polishi wapansi ndi matabwa akale, ndipo zipinda n'zothina moti ukatambasula manja umachita kusamala kuti ungagunde katundu. Ndinaima pakhomo la kuchipinda n'kumadzifunsa kuti Mayi Betty, mkazi wa a Kaunda, ankagoneka pati ana, pamene pabalaza pali amuna okambirana za dziko mpaka usiku. Pamakoma pali zithunzi za mnyamata wowonda wa tsitsi loimirira, mwana wa David Kaunda, mphunzitsi uja amene mishoni ya Livingstonia inamutumiza ku Chinsali kuchokera ku Nyasaland.

Panja m'pamene ndinadzidzimuka. Land Rover. Yopserera.

Galimoto imene inazungulira midzi kukopa anthu ili pamenepo yopanda magalasi, dzimbiri litadya zitseko. Sanaitenthe atsamunda. Anaitentha a Zambia eniake mu Juni 1990, mtengo wa ufa utakwera, ndipo chaka chotsatira a Kaunda anagonja pachisankho kwa Frederick Chiluba. Kwa ine, bungwe la National Heritage Conservation Commission linachita bwino kusaipaka penti. Chigoba chimenechi chikunena zambiri kuposa zithunzi zonse zam'nyumbamo.

Dzuwa linali litandiwotcha khosi, kuseri kwa mpanda wailesi ya pa kantemba ikulira, ana a sukulu akudutsa osacheuka n'komwe. Inu a ku Woodlands ndi Kabulonga amene mumapita ndi ana ku mamolo Loweruka lililonse, Chilenje si patali. Abweretseni adzaone galimotoyi dzimbiri lisanaimalize.