Dikoda imodzi, ma TV awiri

Kodi dikoda imodzi ingaonetse pa TV ya pabalaza ndi ya kuchipinda nthawi imodzi? Zimatheka ndithu, ndipo sizifuna ndalama zambiri. Pamafunika kabokosi kotchedwa HDMI splitter: chingwe chimodzi chimalowa kuchokera ku dikoda, ziwiri n'kutuluka kupita ku ma TV. Posankha mufunsitse bwino, chifukwa pali kena kofanana nako, HDMI switch, kamene kamalumikiza zipangizo zingapo ku TV imodzi.

Pamene pamavuta ndi pa mtunda. Chingwe wamba cha HDMI chikapitirira mamita 15, chithunzi chimayamba kuphethira, mwinanso kuzimiratu. Ngati chipinda chili patali, pezani HDMI extender, mukoke chingwe cha Cat6 kudutsa kudenga. Zipangizo zambiri zoterezi zimafika mamita 50 chithunzi chikuonekabe bwinobwino. Ine ndimalimbikitsa zimene zimanyamulanso uthenga wa rimoti, kuti agogo amene miyendo ikuwavuta asamadzuke pabedi kukasintha tchanelo pabalaza.

Chokhacho, ma TV onsewo amaonetsa chinthu chimodzi. Bambo akaika mpira pabalaza, ana kuchipinda nawonso aonera mpira womwewo. Ofuna kuti aliyense aziona zake, afunika kupeza dikoda yachiwiri.