Mwana wa Ian Smith ndi Abusa Kanodereka

Lero mtima wanga uli pa anthu awiri a ku Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Alec Smith anali mwana wa Ian Smith, nduna yaikulu ya boma la azungu. Abusa Arthur Kanodereka a mpingo wa Methodist anali mbali ya omenyera ufulu, ndipo boma lomwelo linawamangapo ndi kuwazunza.

Mu 1975, nkhondo ya m'tchire ili mkati, Alec anaimirira pamsonkhano ku Salisbury n'kupepesa poyera chifukwa cha mtima wake wonyoza anthu akuda. Abusawo anamva, ndipo anamuitana kuti akalankhule kutchalitchi kwawo m'dera la mzindawo lomwe linkatchedwa Harare, komwe lero timati Mbare. Taganizani, mwana wa Smith ataima kutsogolo, m'mabenchi mutadzaza anthu amene abale awo ali kutchire ndi mfuti! Kenaka Alec anawatengera abusawo kunyumba kukaonana ndi bambo ake maso ndi maso.

Nkhondo sinaleke chifukwa cha ubwenziwo. Mu Disembala 1978 a Kanodereka anaphedwa. Patapita zaka, Ken Flower, yemwe anali mkulu wa akazitape a Rhodesia, analemba m'buku lake kuti abusawo ankawagwirira ntchito mobisa. Zimandiwawa kuti nkhondo ija inadetsa ngakhale mbiri ya munthu amene sangadziyankhirenso.

Mu 1984 Alec anatulutsa buku lake, Now I Call Him Brother, momwe anasimba za ubale wawo. Anzanga okonda mbiri ya Zimbabwe, lifunefuneni bukuli muwerenge.