Liu Lacingelezi Lakuti "Behest"

Pa Boma la Mzimba pali mkulu wina amene anaphunzitsa Cingelezi zaka zambiri m'masukulu a ku Embangweni. Tsiku lina mdzukulu wace anadza ndi buku la kusukulu, nati, "Agogo, kodi liu ili lakuti behest litanthauzanji?"

Mkuluyo anamuuza kuti liuli nlakale ndithu, ndipo Angelezi eni ace salichula kawirikawiri pocezerana; likhalira m'mabuku ndi m'manyuzipepala. Tanthauzo lace ndi lamulo, makamaka lamulo la munthu wamkulu wosaoneka pamalopo: wina agwira nchito, koma mwini mau ali kutali. Anaonjeza kuti zaka cikwi zapitazo liuli linali kunena lonjezo kapena cowinda, kotero kuti Angelezi akale anacha Kanani dziko la behest. Pang'onopang'ono lonjezo lija linasanduka lamulo.

Mwanayo anadabwa kuti liu limodzi lingatembenuke cotero, koma agogo ace anati, "Mwana iwe, ife a kuno tinaziona zimenezi." Ndipo anam'simbira za caka ca 1904, pamene Bwanamkubwa Alfred Sharpe anakomana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni. Angoni a kuno sanagonjetsedwe pa nkhondo. Analowa m'manja mwa Boma pomva lonjezo lakuti mafumu ao adzasungabe mphamvu zao. Msonkho unayamba mu 1906. Pofika 1915, nkhondo ya Ajeremani iri mkati, Boma linafuna amuna a mtengatenga, ndipo Inkosi Cimtunga inakaniza anthu ace kupita. Pa cifukwa cimeneci anaicotsa pa mpando naipititsa kutali ku Ciromo. Amene anadzaitenga anali otumidwa cabe. Mwini lamulo anali ku Zomba. Cimtunga anabwerera kwao mu 1920, koma wopanda ulemu wace wakale, ndipo Boma silinabvomerezenso ufumu waukulu wa Angoni kufikira 1933, m'masiku a Lazaro Jere, M'mbelwa waciwiri, amene likulu lace linali ku Edingeni.

Mwana uja anakhala cete kanthawi, cifukwa kwa amai ace ndi ku Edingeni komweko. Pambuyo pace anafunsa, "Nanga ndilembe citi, Agogo, lonjezo kapena lamulo?"

"Lemba lamulo," anatero mkuluyo, akum'bwezera buku lace. "Oconga mayeso sadzakufunsa za ku Ekwendeni."