Nyimbo Zopanda Ng'oma ku New Haven

Mwana akakula, kholo limasanduka wonyamula chikwama. Umu ndi momwe ndinapezekera ku New Haven, m'dziko la America, mu Epulo 2019, kuperekeza mwana wanga wamkazi ku Bulldog Days. Awa ndi masiku amene yunivesite ya Yale imaitana ophunzira omwe yawasankha kuti adzaone malo asanapereke yankho pofika pa 1 Meyi. Kunena mosabisa, nkufunsira mbeta kumene: wofunsirayo amavala zakutchalitchi.

Anationetsa malaibulale ndi nyumba zamiyala, koma mwanayo anangoti duu. Ine chamumtima ndinati bola, mwina akana, aphunzire pafupi.

Madzulo kunabwera magulu a ophunzira oyimba ndi pakamwa pokha, popanda gitala kapena ng'oma. Amati a cappella. Mwambowu ngwakale kumeneko: gulu la Whiffenpoofs linayamba mu 1909, ngakhale mkazi woyamba linamulandira mu 2018.

Nditacheuka, ndinaona milomo ya mwana wanga ikugwedera. Anali atagwira kale alito, monga ankachitira m'kwaya ya kutchalitchi kwathu.

"Ababa," anandinong'oneza, "kunotu ndingathe kukhala."

Zinandiwawa, abale, koma ndinamvetsa. Poyimba popanda chida palibe pobisala. Ukangopumira, anzako onse amamva kuti patsala mpata. Mlendo kudziko la eni sakhazikika chifukwa cha nyumba zazitali ayi. Amakhazikika pamene akudziwa kuti akasowa, wina afunsa.

Mu Ogasiti chikwama chija ndinachinyamulanso, koma ulendo uno ndinalekezera pabwalo la ndege.