Kwa mphwanga ku Mfuwe: konza kaye pogwirira ntchito

Wokondedwa mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti ukufuna kuyamba kuthandizako pa DHIS2, pulogalamu ya ku yunivesite ya Oslo imene Unduna wa Zaumoyo kuno ku Zambia umasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala. Wasankha bwino. Koma usanalembe ngakhale mzere umodzi, mvera izi.

Java, PostgreSQL ndi zina zonsezo usaziike pa Windows ya laputopu yakoyo. Tsitsa VirtualBox, ndi yaulere, upangemo virtual machine, kompyuta yachiwiri yokhala m'kati mwa yoyambayo. Ili ngati nazale: mbewu ikakanika pamenepo, munda umakhala udakali bwinobwino. Mmenemo uike Java yeniyeniyo imene eni pulogalamu alemba, osati imene yakusangalatsa iwe, kuti ukakumana ndi vuto, anzako akutali alionenso pa makompyuta awo n'kukuthandiza. Virtual machine ikakana kuyaka usanyoze laputopu kuti ndi yakale. Nthawi zambiri imakhala VT-x kapena AMD-V yozimitsidwa mu BIOS, nkhani ya kanthawi kochepa.

Tsono za kuchigwa kwanuko, zimene olemba malangizo a pa intaneti sazilota n'komwe. Iwo amangoti tsitsa Ubuntu 24.04 yoika mu virtual machine, ngati bandulo amatola pansi. Ya desktop imapitirira 5GB, pamene ya Server ndi pafupifupi theka lake. Tenga ya Server. Ilibe zithunzi zodinadina, uzichita kulemba malamulo wekha, koma siidya RAM yambiri, ndipo kulembako ndiye sukulu yake. Eni ake aziikonzabe mpaka 2029, choncho uitsitse kamodzi kokha, pa bandulo ya usiku kapena ukapita ku Chipata, n'kuisunga pa fulashi. Ngati laputopu ili ndi RAM ya 8GB, makina a m'katiwo uwapatse 4GB. Ngati ili ndi 4GB yokha, yamba wagula RAM, kuopa kudana ndi ntchito yosalakwa.

Chachikulu ndi snapshot, kusunga makina a m'katiwo momwe alili pa nthawiyo. Ukukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, momwe magetsi a ZESCO ankasowera pafupifupi tsiku lonse. Batire ikathera pakati pa update, makina a m'katiwo akhoza osadzukanso. Ukangomaliza kuika zonse, tenga snapshot. Usanasinthe chilichonse chachikulu, tenganso. Zikasokonekera umangobwerera pamene unali, osagulanso bandulo. Achinyamata ambiri amaona ngati n'kutaya nthawi, mpaka tsiku lolira.

Git uizolowere msanga. Commit siifuna netiweki, ndiye uzichita pafupipafupi, push idzadikira MTN kapena Airtel ikabwerera.

Usaiwale dzuwa la mu Okutobala, lija limafika madigiri 40 ku Mambwe. Laputopu yonyamula makompyuta awiri imatentha msanga. Uzigwira ntchito m'mamawa, pa tebulo osati pa matiresi, ndipo fumbi uzilichotsa m'mabowo a mphepo.

Chopereka chako choyamba chikhale chaching'ono. Uzilemba m'kabuku paliponse pamene malangizo a eni DHIS2 akusokoneza, ukatero uwatumizire chokonza. Zimenezo n'zofunika, chifukwa iwo amene anakonza makina awo kalekale saonanso pamene mlendo amapunthwa.

Ukamabwera pa Khrisimasi utenge laputopuyo ndi fulashi yomwe, ndidzaione ndekha. Upereke moni kwa amayi ako ndi agogo.

Ine,
Malume ako