Kalata yochokera ku Cape Town: za mphepo ndi galimoto yatsopano

Wynberg, Cape Town
Januwale

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndasankha kulemba papepala chifukwa pa foni timangolonjerana, bandulo n'kutha nkhani isanayambe. Mnzanga wina amene amanyamula katundu wa anthu kupita kumudzi akunyamuka sabata ino, ndiye ndamupatsira. Mng'ono wanga akuwerengereni madzulo mukatha kudya, pakuti mbali ina ya nkhaniyi ndi yake, poti akuphunzira zaumakaniko.

Achemwali andiuza kuti Mayi mwakhala ndi nkhawa chiyambire tsiku lija tinkayankhulana ine ndili m'galimoto. Akuti munamva likhweru ndi mkokomo kuseri kwa mawu anga, ndipo munati galimoto yatsopano siilira choncho, mwina pali dzanja la munthu. Mtima pansi, Mayi. Palibe amene wandichita chipongwe. Chimene munamvacho ndi mphepo, ndipo kuti mumvetse ndiyenera kukufotokozerani za mzinda uno, chifukwa munthu sangaudziwe Cape Town asanaidziwe mphepo yake.

Koma ndiyambe ndakonza mbiri imene yafala kumeneko. Galimotoyo si yanga. Ndi ya abwana ena amene ali ndi magalimoto angapo onyamula anthu oitanitsa pa foni. Ine ndimayendetsa, kutha kwa sabata ndimapereka yawo, ndimathira mafuta, chotsala ndiye changa. Choncho amalume akamanena kuti mphwawo wagula galimoto ya m'pepala, muwauze kuti mphwawo akadali waganyu, wangopatsidwa khasu latsopano.

Mzindawu unamangidwa m'tsinde mwa phiri lotchedwa Table Mountain, lotalika mamita oposa 1,000, pamwamba pake pali thyathyathya. Mbali ina kuli nyanja ya Atlantic, mbali ina kuli nyanja yolowa kumtunda imene amati False Bay. Nyengo za kuno n'zotembenuka. Pamene inu mukupalira chimanga mvula ili pamsana, ife tili padzuwa, udzu uli gwa. Mvula yathu imagwa nthawi yozizira, makamaka Juni mpaka Ogasiti. Ndiye kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi kumawomba mphepo yochokera kummwera chakummawa. Imadutsa pa False Bay, n'kutenga chinyezi, n'kukwera phiri. Ikafika pamwamba pozizira chinyezicho chimasanduka mtambo woyera umene umayala paphiri ponse n'kumatsetsereka mbali inayo. Tikauona mtambowo m'mawa timadziwiratu kuti lero zipewa zigwiridwe. Eni dziko amaitchula mphepoyi kuti Cape Doctor, ati chifukwa imasesa utsi ndi fumbi la mumzinda kupita kunyanja.

Bambo, inu mukuudziwa Mwera, momwe umakhalitsira asodzi pamchenga masiku angapo mabwato ali kumtunda. Iyi ndi mbale wake, imachokeranso mbali yomweyo, kungoti ya kuno imalowa pakati pa nyumba zosanja, n'kupanikizika, n'kutuluka ndi ukali woti munthu wamkulu amagwira mzati wa magetsi kuti asagwe. Ikakula amaimitsa ngolo zam'mwamba zokweza alendo paphiri. Maboti opita ku Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18, nawo amaima nyanja ikawinduka. Ngakhale kudoko makina okweza makontena amaleka kugwira ntchito. Mu Malichi 2017 mpikisano waukulu wa njinga wa mumzinda muno unalephereka m'mawa womwewo, chifukwa mphepo inkagwetsa opalasa pamalo oyambira, njinga zikuuluka m'manja.

Tsono muganize galimoto ikuthamanga mumphepo yotere. Msewu umene ndimayendamo kwambiri ndi N2, wochokera m'tauni kupita kubwalo la ndege, ndipo pamisewu ikuluikulu ya dziko lino lamulo limalola mpaka makilomita 120 pa ola pamene zikwangwani sizinanene zina. Popita kubwalo la ndege umakumana ndi mphepo maso ndi maso. Ngati ukuthamanga 100, mphepo n'kumabwera pa 50, thupi la galimoto likumva ngati ukuthamanga 150. Ndipo phokoso la mphepo silikwera pang'onopang'ono ayi. Liwiro likangowonjezeka pang'ono, phokoso limalumpha. Chinanso, injini za masiku ano n'zofatsa kwambiri. Galimoto yakale imene ndinkayendetsa poyamba inkabisa zonsezi ndi kulira kwa injini ndi kugwedera kwa zitsulo. Yatsopanoyi ili zii, ndiye khutu limamva kalikonse.

Komabe likhweru limene munamva lija silinali la mphepo yokha. Makasitomala anayamba kufunsa ngati galasi latsekedwa bwino, ndipo pantchito yathu ino kasitomala akatsika amakupatsa nyenyezi pa foni. Nyenyezi zikachepa, maulendo amachepa, ndalama ya feteleza n'kuchepanso. Sinali nkhani yongopirira.

Apa mng'ono wanga tchera khutu, chifukwa zimenezi udzazifuna pagalaja pako. Choyamba n'kudziwa kuti phokoso likuchokera kuti. La matayala limasintha msewu ukasintha, pa phula losalala limachepa, pa lokhakhala limakula. La injini limatsata phazi, ukachotsa phazi pa mafuta limatsika. La beringi ya gudumu nthawi zambiri limasintha ukamakhota. Koma langali linkamveka popita kubwalo la ndege, pobwerera n'kuzimiririka, msewu womwewo, liwiro lomwelo. Chosiyana chinali chimodzi: popita mphepo ili kutsogolo, pobwera ili kumbuyo. Pamenepo mlandu unagwera mphepo, matayala ndi injini n'kumasulidwa.

Chachiwiri n'kupeza khomo limene mphepoyo ikudzera. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe amene amakonza magalimoto ku Bellville ndi amene anandionetsa njira, ndipo siifuna makina odula. Umatenga tepi yapepala, ija amamata opaka penti, n'kutseka malo amodzi okha, kaya mpata wa pakati pa chitseko ndi denga, kaya tsinde la galasi loonera kumbuyo, kaya m'mphepete mwa galasi lakutsogolo. Ukatero umayenda msewu womwe uja n'kumvetsera. Phokoso likapitirira, umamatula n'kumata pena. Ukamata ponseponse nthawi imodzi, phokoso litha koma sudziwa kuti wolakwa ndani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ifeyo titamata pakona ya pamwamba ya chitseko chakutsogolo cha kumanzere, likhweru linati zii.

Kenaka tinayesa ndi pepala. Umaika kapepala pa labala wa chitseko, n'kutseka, n'kukoka. Pamene labala wagwira bwino pepala limakana. Pakona ija linkangosololoka. Njira ina ndi ya sopo: umatseka magalasi onse, n'kuyatsa fani mwamphamvu kuti izikoka mpweya wakunja, wina ali panja n'kumapaka madzi a sopo m'mphepete mwa zitseko. Pamene pakutuluka mpweya pamachita thovu.

Ndinamufunsa mnzangayo kuti bwanji phokoso lili kumanzere pamene mphepo popita kubwalo la ndege imabwera kutsogolo koma mopendekera mbali yanga ya kumanja. Yankho lake linandipatsa nzeru. Mphepo ikazungulira mzati wa galasi lakutsogolo imathamanga kwambiri m'mbali mwa galimoto, ndipo mpweya wothamanga umakoka m'malo mokankha. Mbali imene ikumenyedwa chitseko chimakanikizidwira m'kati. Mbali inayo chimakokedwera kunja, labala n'kunyamuka pang'ono, mpweya n'kumadutsa pa kampata kosalowa ndi chikhadabo chomwe. Kampata kakang'ono ndiko kamaimba likhweru. N'chifukwa chake galimoto ikaima pagalaja zonse zimaoneka zabwinobwino.

Ndipo ndi zimenedi zinachitika kumene abwana anagula galimotoyo. Titapita koyamba, makaniko anaizungulitsa m'tauni pang'onopang'ono m'mawa wopanda mphepo, n'kubwera kudzati palibe vuto, galimoto zonse zimatero ku Cape Town. Sitinakangane nawo. Tinadikira tsiku loti mtambo wayala paphiri, tinabwerera masana, n'kupempha kuti mmodzi wa iwo akwere nafe pa N2. Anamva yekha. Tinamata tepi, anamvanso yekha kuti lasiya. Tinapempha kuti dandaulo lathu alilembe pakhadi la ntchito, ife n'kusunga pepala lathu. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, limene limati katundu akapezeka ndi chilema m'miyezi 6 yoyamba, wogula ali ndi ufulu woti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Palinso ofesi yomva madandaulo a zamagalimoto, Motor Industry Ombudsman of South Africa. Ife sitinafike kumeneko. Anasuntha pang'ono kachitsulo kokowera chitseko kuti chizitsekeka molimba, n'kusintha labala wa chitsekocho, ife osalipira kanthu chifukwa galimoto ikadali pa waranti. Mng'ono wanga, usadzapinde chitseko cha galimoto yatsopano ndi bondo kapena kumata guluu monga amachitira ena. Ukatero wawapatsa eni galaja poyambira kukana.

Likhweru linatha, koma mkokomo wina unatsala, ndipo umenewo ulibe makaniko. Ndi wa mzinda uno. Ndaphunzira kukhala nawo. Masiku a mphepo ndimachepetsa liwiro, ndipo phokoso limatsika kwambiri, mafuta n'kupulumukanso. Zitsulo zonyamulira katundu padenga tinachotsa, chifukwa zikakhala zopanda katundu zimalira zokha. Kasitomala wakumbuyo akatsegula galasi lake lokha, m'galimoto mumayamba kugunda kuti bububu mpaka makutu kuwawa, chifukwa mpweya ukulowa ndi kutuluka pakhomo limodzi. Mankhwala ake n'kutsegula pang'ono galasi lakutsogolo la mbali inayo kuti mpweya upeze potulukira. Ndikadutsa msewu wa Baden Powell, umene umatsata gombe la False Bay kudzera ku Strandfontein, mchenga umauluka kudzaza msewu, ndiye madzulo ndimapukuta malabala a zitseko ndi kansalu konyowa kuti mchenga usawadye. Poimika galimoto ndimayesetsa kuti mphuno iyang'ane kumene mphepo ikuchokera, ndipo ndimauza okwera kuti agwire chitseko potsika. Mphepo ikachitsomphola kuchokera kumbuyo imapinda mahinjesi kapena kuchimenyetsa pagalimoto ya eni, ndipo wolipira amakhala ine.

Ndisakunamizeni kuti mphepoyi ndi yoipa kwa onse. Ku Bloubergstrand anthu amachokera mpaka ku Ulaya kudzaisangalalira, atamangirira zinsalu zazikulu zouluka zimene zimawakoka pamwamba pa madzi. Ena mwa iwo ndi makasitomala anga, ndipo amakwiya tsiku likacha bata. Koma ukayenda mtunda pang'ono kufika ku Dunoon kapena ku Khayelitsha, kumene anthu ambiri amakhala m'tinyumba tamalata tothithikana, mphepo yomweyo ndi mantha. Padenga amasanjikapo miyala ndi matayala akale kuti malata asauluke. Kandulo kapena chitofu cha palafini chikagwa usiku wa mphepo, moto umalumpha nyumba ndi nyumba anthu asanadzuke. Sabata yomwe ija njinga zinalephereka mu 2017, moto unapsereza Imizamo Yethu ku Hout Bay, anthu zikwizikwi n'kutsala opanda pogona. Abale athu ambiri ochokera kumudzi amakhala m'malo oterewa. Ndikamadandaula za likhweru la chitseko ndimakumbukira kuti vuto langa ndi laling'ono, ndipo n'chifukwa chake ndimalolera kulipira lendi yokwererapo kuno ku Wynberg, m'chipinda cha njerwa chimene tikugawana ndi mnzanga. Ndalama imene ndimatumiza ikachepa miyezi ina, gwero lake ndi limeneli.

Tsono Mayi, musavutike kupita kwa aliyense kukafunsira za galimotoyi, ndipo nkhuku ija musaipereke. Ngati mukufuna kundithandiza, muzindipempherera kuti ndiziyenda bwino pamsewu, chifukwa maola ndi aatali. Ndikamakuimbirani tsopano ndiziyamba ndaimika galimoto.

M'katundu amene wabwera ndi kalatayi muli mabulangete awiri, nsapato za Bambo, mafuta ophikira, ndi bokosi la masipanala la mng'ono wanga. Ndaikamonso mpukutu wa tepi ija kuti akayesere pa minibasi za pagalaja pamene akuphunzira. Ndalama ya feteleza wobereketsa ndatumiza kudzera kwa achemwali, ndipo yotsalayo ikhale ya fizi ya mwana wa alamu. Mundiuze ngati denga la khitchini lija linafoleredwa mvula isanalimbe, komanso ngati mwendo wa agogo ukupezako bwino. Wobweretsa kalatayi adzabwerera kuno kutha kwa mwezi wamawa. Mukapeza usipa wouma bwino ndi ufa woyera pang'ono, mumupatsire.

Mupereke moni kwa agogo, amalume, azakhali ndi onse a kutchalitchi.

Ndine mwana wanu,
wa ku Cape Town